Kodi mawu oti "franc" poyambirira ankatanthauza chani?

Abale ndithandizeni, ndikuona zithunzi za makobidi akale agolide a ku France amene anthu amasonkhanitsa aja, pali ina akuitcha franc à cheval, mfumu ili pa hatchi lupanga m'mwamba. Ndalama ya franc ndikuidziwa, koma liwu lenilenilo linkatanthauza chani nthawi imeneyo? Ena akuti ndi dzina la mtundu wa anthu ena akuti ndi ufulu, mutu wanga waima.

— Achimwene onse awiriwo sakunama ayi. M'Chifalansa chakale franc ndiye kuti mfulu, munthu wosamangidwa. Mfumu mukuionayo ndi Jean II, Angelezi anamugwira pa nkhondo ya ku Poitiers mu 1356 nkupita naye ku London, ndiye pa pangano la ku Brétigny mu 1360 anagwirizana dipo la ma écu 3 miliyoni agolide. Atangomumasula, mu December chaka chomwecho analamula kuti asule khobidi limeneli, golide weniweni pafupifupi magalamu 3.9, mtengo wake livre imodzi, muyezo wowerengera ndalama ku France nthawi imeneyo. Ndiye anthu amati dzinalo likunena kuti mfumu yamasuka.

— Koma tawerengani zolembedwa m'mphepete mwa khobidilo bambo, pali Francorum rex, Chilatini chimenecho, mfumu ya a Frank, mtundu wa anthu uja. Mwina anthu anangodula pamenepo basi.

— Ine zimenezo sindikuvomereza kwenikweni, Francorum rex inalipo kale pa makobidi a mafumu a m'mbuyo, nanga bwanji sanawatche franc amenewo? Iwowa ankatcha ndalama ndi chimene chajambulidwapo, écu ndi chishango, yagolide anaiyambitsa Louis IX mu 1266, mouton ndi nkhosa chifukwa pali kamwana ka nkhosa konyamula mbendera. Nde franc kubwera mfumu itangotuluka m'manja mwa adani si zangozi zimenezo. Chomvetsa chisoni nchoti ufulu wakewo sunakhalitse, mwana wake Louis amene anatsala ngati chikole anathawa, mfumu nkubwerera yokha ku London kukadzipereka, inafera konko mu 1364.

— Zikomo akuluakulu. Nanga ija akuti franc à pied, mfumu yaimirira yopanda hatchi, ndi ya yemweyu kapena ya mwana wake Charles V? Wina akuigulitsa pa intaneti motchipa modabwitsa, ndikukayika kuti ndi feki.