Mpini kamodzi pamutu: kupha mwadala kapena mosafuna?

Loya wamng'ono, Chipata:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi mlandu ku High Court kuno ku Chipata. Munthu wanga anali pa kachasu kumudzi cha ku Katete, n'kukangana ndi mnzake pa nkhani ya ng'ombe zomwe zinamudyera chimanga. Anamumenya ndi mpini wa khasu kamodzi pamutu, mnzakeyo anamwalira m'mawa mwake. Boma lamuzenga murder, mlandu wopha mwadala, gawo 200 la Penal Code, lamulo la milandu yaupandu. Iye akulira kuti sankafuna kupha. Nditsamire pa kuputidwa kuti titsikire ku manslaughter, mlandu wopha mosafuna?

Mayi loya, Petauke:
Mng'ono wanga, mawu oti sindinafune kupha paokha sapulumutsa munthu. Gawo 204 likuti ngakhale kufuna kuvulaza koopsa, kapena kudziwa kuti zomwe ukuchita zikhoza kupha, ndi malice aforethought ndithu, cholinga choipa chomwe chimapangitsa mlandu kukhala murder. Ndiuzeni kaye, mpiniwo unali pomwepo kapena anachita kukautenga kunyumba?

Loya wamng'ono:
Unali pomwepo amayi, atautsamiritsa pa mtengo wa mango, poti ankachokera kumunda. Mboni ziwiri zikuti malemuyo ndiye anayamba, anamumenya khofi n'kumutukwanira amake. Komanso munthu wangayo ndi amene anamanga ng'ombe pa ngolo kuthamangira naye kuchipatala.

Mkulu wopuma ku Legal Aid:
Zoti sanakautenge kunyumba zakuthandizani kwambiri, mtima unalibe nthawi yozizira. Koma werenganinso mlandu wa Liyumbi v The People wa 1978. Pamafunika zitatu: kuputidwa, kulephera kuugwira mtima, ndi kubwezera kolingana ndi chiputocho. Pachitatupo ndi pomwe mwendo wanu ukutsimphina. Khofi kubweza ndi mpini, a boma adzakakamira pomwepo mpaka dzuwa kulowa.

Ndiye musayende ndi njira imodzi. Gawo 13(4) limalola khoti kuganizira kuledzera poona ngati munthu anali nacho cholinga. Pezani mayi wotcheza kachasuyo anene kuti anayamba kumwa nthawi yanji, ndipo ankayenda bwanji. Dokotala wa postmortem musamulole kungopereka pepala, mufunseni: bala ndi limodzi? Ndi la mpini kapena la pomwe anagwera? Za ngolozo sizifafaniza cholinga, koma woweruza amazimva.

Mayi loya:
Onaninso warn and caution, mawu omwe munthu wanuyo anapereka kupolisi atamuchenjeza. Ngati muli mawu onga ndinkafuna kumukhaulitsa, funsani kuti anawalankhula m'Chinyanja chotani, analemba ndani, ndipo anamuwerengera asanadinde chala. Ine ndikanayamba ndalankhula ndi a NPA, ozenga milandu a boma, pansi pa lamulo la plea negotiations la 2010, lolola kukambirana za kuvomera mlandu, kuti munthu wanuyo avomere manslaughter, gawo 199.

Mkulu wopuma:
A NPA akakana, konzekerani extenuating circumstances, zifukwa zochepetsa chilango. Pa mlandu wa Jack Chanda wa 2002 khoti linati mowa komanso kuputidwa kumene kwalephera ngati chitetezo zikhoza kuchepetsa chilango. Chilango cha imfa chinathetsedwa mu December 2022, koma moyo wonse m'ndende si chinthu chopepuka kwa bambo wa ana.

Loya wamng'ono:
Zikomo akuluakulu. Lachisanu ndikamuona kundende ya Namuseche, ndikamufotokozere bwinobwino tanthauzo la kuvomera. Akalola yekha, ndilembera a NPA Lolemba.