Ndalama za chaka chino: malata a buloko kapena maphunziro oteteza ana?

aKamwendo (Wapampando, Lilongwe): Mwaswera bwanji nonse. Zosonkha za chaka chino zakwana K2,800,000. Maganizo alipo awiri. Akale aja ndi oti tigule malata timalize buloko ya sitandade 3 ndi 4 pa sukulu ya kumudzi kwathu. Atsopano abwera nawo Mayi Nachisale, akuti tikonze maphunziro a masiku atatu pa za nkhanza kwa ana, tiitane aphunzitsi, alangizi a zaumoyo, amayi a mother group ndi mafumu. Lankhulani momasuka koma molemekezana. Kuvota Loweruka.

Yohane (Joni): Achair, ine ndisabise. Ndalama imeneyi ena timaipeza titaima pa geti usiku wonse kuzizira kuno. Malata ndikabwera pa Disembala ndikawaona ndi maso. Maphunziro ndikaona chiyani? Anthu adzamwa fanta, adzasaina alawansi, adzajambulitsa ndi satifiketi, basi kwatha. Mawekishopu kwathu kuja sanayambe lero.

Mayi Nachisale (namwino, Blantyre): Achimwene a Yohane, za alawansizo sindikutsutsani. Koma mundilole ndifotokoze chomwe chidandiyambitsa. Chaka chatha ndili kumudzi pa tchuthi adandiitana kuti ndikaone mtsikana wa zaka 12. Mudzi wake sinditchula. Adagwiriridwa ndi munthu wamkulu, ndipo pomwe ine ndimafika nkuti patatha masiku 9. Mwanayo adaulula kwa aphunzitsi ake tsiku lachiwiri lomwe. Aphunzitsiwo si munthu woipa, adalira naye limodzi, kenako adamutengera kwa makolo. Makolo adapita kwa amfumu, amfumu adaitana mbali zonse, adagamula mbuzi. Aliyense adachita zomwe ankaganiza kuti nzoyenera, koma palibe ndi mmodzi yemwe adadziwa kuti mankhwala oteteza ku HIV aja timati PEP amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Mankhwala oletsa mimba pangozi nawonso ali ndi masiku ake ochepa. Zonsezo zidadutsa anthu ali pansi pa mtengo kukambirana za mbuzi.

Yohane (Joni): Zachisoni asisi. Koma ndiye nkhani ya boma imeneyo, si ya ife.

Mayi Nachisale: Boma malamulo lidaika kale. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana lidabwera mu 2010, ndipo limalamula wachipatala, wachibale, wosamalira ana ngakhale munthu wamba kuti akaona mwana akuzunzidwa akanene kupolisi kapena kwa a Social Welfare. Mu 2017 adasintha malamulo aakulu a dziko kuti mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Ku chipatala cha Queen Elizabeth kuno kuli One Stop Centre, ija amati Chikwanekwane, komwe dokotala, wapolisi, wa Social Welfare ndi wopereka uphungu amapezeka pamodzi kuti mwana asazunguliridwe m'maofesi kufotokoza zowawa kasanu. Koma kuchoka pa Queen kukafika pa sukulu ya kwathu ija, uthengawo umatayika panjira.

Aphunzitsi aMbewe (opuma, kumudzi): Ndalowa mochedwa, netiweki kuno mpaka ukwere pa chulu. Ine ndaphunzitsa zaka 31, zisanu ndi zinayi ndili hedi. Ndinene zoona ngakhale zikundichititsa manyazi: kusadziwa kulipo, koma mantha ndiwo akulu. Wochita zoipazo kawirikawiri si mlendo wodutsa. Ndi malume ake a mwanayo, bambo womupeza, mwini golosale, nthawi zina mphunzitsi mnzako amene mumadyera naye limodzi nsima. Mphunzitsi ndi mlendo pamudzi, nyumba akukhala ndi ya komiti, madzi amatunga pa mjigo womwewo. Akanena kupolisi mawa lake adzuka mudzi wonse wamukwiyira. Ndiye ukaona mtsikana wasiya kuseka, wayamba kukhala kumbuyo, kujomba, umangolemba mu rejisitala kuti absent nkupitiriza masamu. Ineyo ndidachitapo zimenezo.

Esnart (Leeds): Aphunzitsi, zikomo polankhula chilungamo. Kuno ndimagwira ntchito yosamalira ana ndipo sungayambe usanapange maphunziro a safeguarding, oteteza ana ku nkhanza, komanso amayamba afufuza mbiri yako kudzera ku DBS, ofesi ya boma yoona ngati udapalamulapo mlandu. Chomwe ndidaona kuti chingathandize kwathu ndi chimodzi: sukulu iliyonse ili ndi munthu mmodzi wodziwika amene nkhani zotere zimapita kwa iye. Mphunzitsi sasenza yekha. Ndipo amatiphunzitsa tizinthu ting'onoting'ono. Mwana akayamba kuulula usamulonjeze kuti usunga chinsinsi, chifukwa uyenera kukanena. Usamufunse mafunso omuika mawu m'kamwa. Lemba mawu ake momwe wanenera, ndi tsiku lake. Usaitane woganiziridwayo kuti adzayankhe pamaso pa mwana.

Yohane (Joni): Asisi Esnart, kumeneko ukaimba foni galimoto ifika pa khomo. Kwathu polisi ili makilomita angati? Kabaza wa njinga yamoto kupita ndi kubwera ndi ndalama zingati? Musatibweretsere za azungu.

Esnart (Leeds): Kulemba mawu a mwana m'kope sikufuna galimoto achimwene.

aLikongwe (Zomba): Ndiyankhepo za mafumu popeza amene akunenedwa mozungulirawo ena ndi abale athu. Musaganize kuti amfumu amagamula mbuzi chifukwa chokonda nyama. Amabwera ndi makolo a mwanayo eniake, akugwada, akuti nkhaniyi ithere pano. Wolakwayo ndiye amagula feteleza pakhomopo, akamangidwa adya chiyani? Mlandu ukapita kukhoti mboni ziyende ulendo wa ku boma katatu kanayi ndi ndalama zawo. Amfumu amaona zonsezo. Sindikuti akulondola. Mlandu wogwiririra mwana si wa pabwalo, chilango chake chimafika mpaka moyo wonse kundende. Koma mukawaitana kudzawanyoza pamaso pa aphunzitsi achichepere, sadzabweranso. Mafumu akaigwira nkhani amaigwiradi. Onani Inkosi Kachindamoto ku Dedza momwe adathetsera maukwati a ana mazanamazana, mpaka kuimitsa nyakwawa zolekerera.

Aphunzitsi aMbewe: Ndiwonjezere chimodzi chomwe tikuchilambalala, ndipo a Yohane musandimve molakwa. Nkhanza si kugwiririra kokha. Pasukulu paja ana ambiri amene amabwera osadya, osasamba, zipere m'mutu, ndi amene makolo awo ali ku Joni kapena m'tauni. Adawasiyira agogo a zaka 70. Ndalama imabwera pa Mukuru, inde, koma amalandira ndi wachibale wina, kwa mwana imafika ya sopo yokha. Mtsikana wa sitandade 6 ndiye mayi wa pakhomo. Tsiku la msika kalasi imatsala theka. Ana otere ndi amene achidyamakanda amawasaka, chifukwa akudziwa kuti palibe wofunsa kuti wagona kuti.

Yohane (Joni): Aphunzitsi mwandilasa. Anga awiri ali ndi amayi kumeneko.

Aphunzitsi aMbewe: Ndikudziwa mwana wanga, ndipo ako ali bwino, ndimawaona ku tchalitchi. Sindimanena iwe.

Tadala (Magomero): Makolo anga ndiloleni mwana ndiyankhuleko. Ine ndikuphunzira zomwezi kuno ku koleji ya Magomero. Choyamba, sitikufunika kulemba katswiri wodula wochoka ku Lilongwe. Ku ofesi ya Social Welfare ya boma lililonse kuli anthu a ntchito imeneyi, ndipo kupolisi kuli Victim Support Unit, nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Tikawalembera kalata nkuwapatsa mafuta atha kubwera kudzaphunzitsa, ndipo ubwino wake anthu athu adzadziwana nawo nkhope ndi manambala. Chachiwiri, m'madera muli ma child protection worker, anthu ogwira ntchito yoteteza ana, tifufuze wa kwathu ndani, adzakhale nawo. Chachitatu, nambala ya 116 ndi yaulere, ndi yonenerapo nkhanza kwa ana, amayankha a bungwe la YONECO ku Zomba. Ndidafunsa ana a mlongo wanga atatu, palibe amene ankaidziwa. Penti wolembera nambalayi pakhoma la sukulu sangatithere ndalama. Komanso tisaiwale anyamata. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2013 adapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu ndi mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri adachitidwapo nkhanza zogonana asanafike zaka 18. Anyamata ndiye saulula nkomwe.

Mayi Nachisale: Tadala wanena bwino. Ndipo a Yohane funso lanu la kabaza ndi lenileni, mwina kuposa maphunzirowo. Munthu atha kudziwa za maola 72, koma ngati m'thumba mulibe kanthu Lachisanu madzulo adikira Lolemba. Ndikusintha ganizo langa: masiku awiri m'malo mwa atatu, yotsalayo ikhale thumba la mayendedwe. Mwana akachitidwa chipongwe, athamangire naye kuchipatala tsiku lomwelo, asadikire kalata ya kupolisi, asamusambitse, zovala asachape. Zakupolisi zitsatire.

Mayi Nambewe (Msungichuma, Mzuzu): Ndawerengera mwachangu. Tikachitira m'kalasi Loweruka ndi Lamulungu masana, holo sitilipira. Anthu 35, kuphika amayi akumudzi, mafuta a ophunzitsa, makope ndi penti, zitha kukwana pa K900,000. Thumba la mayendedwe K400,000. Yotsala K1,500,000 ndi ya malata. Simalizitsa buloko yonse, koma kalasi imodzi ifoleredwa ngati mitengo ya malata sinakwerenso.

aLikongwe (Zomba): Alawansi mulibemo?

Mayi Nambewe: Mulibe.

aLikongwe (Zomba): Ndiye mukonzeke kuphunzitsa mipando. Mafumu osachepera muwapatse ya thiransipoti, ndi ulemu wawo.

Yohane (Joni): Apo ndiye ndikana. Tikangoyamba kupatsa mafumu, alangizi nawo afuna, aphunzitsi nawo afuna. Wofuna kuteteza ana a m'mudzi mwake abwere adye nsima ya nyemba. Ndipo kalasi imodzi yokha, ana a sitandade 4 akhalanso pansi pa mtengo dzinja lino? Mvula ikagwa amawaweruka 9 koloko, nkumayendayenda pa tiredingi. Kumenekonso ndi kuwateteza?

Esnart (Leeds): Pamenepo a Yohane mwanena zoona. Ine ndiwonjezera £100 ya malata mwezi ukatha. A kunja anzanga tiyeni.

Aphunzitsi aMbewe: Funso langa ndi la thumba lija. Asunga ndani? Mukapatsa ahedi, tsiku lina wolakwa adzakhala wa m'sitafu mwawo. Mukapatsa amfumu, mwamva kale a Likongwe. Ine ndikadakonda amayi awiri a mother group, ndalama ikhale pa Airtel Money, aliyense akatapa alembe m'kope tsiku ndi mtunda, dzina la mwana ayi.

Mayi Nachisale: Dzina la mwana ayi ndithu, ngakhale pa gulu lino. Ndipo zithunzi za ana musadzaponye pano.

aKamwendo (Wapampando): Zikomo nonse. Loweruka tivota pa zinthu zitatu padera: kugawa ndalama monga awerengera Mayi Nambewe, thiransipoti ya mafumu, ndi osunga thumba. Tadala, lemba kalata ya ku Social Welfare ndi ya ku Victim Support uitumize kwa ine pofika Lachinayi. Aphunzitsi, tifunsireni mtengo wa malata a geji 28 pa boma, komanso dzina la child protection worker wa dera lathu.

Yohane (Joni): Pa loyamba ndivota inde ngati a kunja akwaniritsa za malata. Pa la mafumu ayi. Aphunzitsi, madzulo ndikuimbirani pambali, ndikufuna ndimve za Mukuru mumanena zija.

Aphunzitsi aMbewe: Uimbe isanakwane 6, foni ndimatchajitsa ku golosale.