Mawu asasa, ukwati uli Loweruka

Nambewe: Akuluakulu, ndithandizeni. Mtsikana amene ndimamuphunzitsa, wa soprano, mawu ake asasa kuyambira Lamlungu. Loweruka anaimba pa chinkhoswe maola anayi, m'mawa mwake kwaya kutchalitchi. Pano akakwera m'mwamba kukungotuluka mpweya. Loweruka likubwerali akuyenera kukaimba pa ukwati ku Lilongwe, ndipo ndalama ya dipoziti anadya kale. Jinja ndi mandimu wamwa mpaka wakana.

Aphiri a kiyibodi: Pa chinkhoswepo panali monita, sipika yoyang'ana kwa woimba kuti azidzimva?

Nambewe: Ayi, masipika onse anayang'ana kwa anthu.

Aphiri a kiyibodi: Ndiye vuto ndi lomwelo. Munthu akapanda kudzimva amakuwa osadziwa kuti akukuwa. Ife timaona misempha ya m'khosi itatupa, iye akuti "sindikumveka". Loweruka monita ikhalepo, ngakhale kasipika kamodzi kapansi. Ndipo nyimbo zake zitsike. Ya mu F ipite E flat, palibe mkwati amene adzazindikire.

Mayi Gondwe: Achemwali, jinja ndi wabwino, koma safika pomwe pavulala. Zomwe timameza zimadutsa njira ya chakudya, timinofu ta mawu tili pa njira ya mpweya. Chimene chimafika pamenepo ndi nthunzi. Madzi otentha m'beseni, chitenje kumutu, mphindi khumi m'mawa ndi madzulo, osathiramo kanthu. Madzi akumwa ambiri. Masiku awiri akhale chete. Chete weniweni, osati kunong'ona, kunong'ona kumatopetsa khosi kuposa kulankhula modekha. Foni alembe, asaimbe.

Lachinayi muyambe ndi kapaipi komwera zakumwa. Madzi pang'ono m'botolo, aike kapaipi, aziuzira uku akung'ung'udza, kuchokera pa noti ya d (do) kukafika pa s (so) n'kubwerera. Mphindi zitatu basi. Kapaipi kamabweza mpweya pang'ono, timinofu timagundana mofewa. Ine ana anga onse a kwaya amayenda nako m'chikwama.

Funso limodzi: amadya nthawi yanji usiku?

Nambewe: Akaweruka ku zoimba, nthawi zina cha m'ma 11. Chipisi, kenako n'kugona.

Mayi Gondwe: Eya. Mufunseni ngati amamva chilungulira kapena amadzuka kukhosi kukuwawa. Asidi wa m'mimba akakwera usiku amawotcha pomwepo. Adye, padutse maola awiri kapena atatu, ndiye agone.

Che Saidi: Ine ndisiyane nanu pang'ono. Tonse tikuthamangira Loweruka, koma mwanayu ali ndi zaka zambiri zoimba kutsogolo. Ngati mawu anaduka mwadzidzidzi pakati pa nyimbo, asaimbe n'komwe, pakhoza kukhala kamtsempha kophulika. Adele, woimba wa ku England, mu 2011 anaimitsa ulendo wake wa ku America chifukwa cha zimenezi, mpaka opaleshoni ku Boston. Kusasa kukapitirira masabata awiri kapena atatu apite kwa madokotala a makutu, mphuno ndi khosi. Ku Queens alipo, amayang'ana mkati.

Nambewe: Ndamufunsa, akuti sanaduke, anangosasa pang'onopang'ono. Chilungulira akuti chimamuvutadi. Ndiye tichite chonchi: chete mpaka Lachinayi, ndimumvetsera ndekha. Akakhala bwino aimbe zitatu zokha, yolowera mkwati ndi ziwiri za perekaniperekani, zina atenge mnzake wa alto.

Aphiri a kiyibodi: Nanga ndalama agawana bwanji ndi wa altoyo?

Nambewe: Aphiri, imeneyo ndiye ndikuiopa kuposa khosi.