Ndikufuna kusamukira ku koleji yaing'ono, koma popanda scholarship sindingakwanitse

NaPhiri_Ohio:

Moni nonse. Ndili m'chaka choyamba pa yunivesite ina yaikulu ya boma kuno ku Ohio, ndikuphunzira biology. Magiredi ali bwino, GPA yanga (avareji ya magiredi onse) ndi 3.8, koma mtima wanga sukukhazikika. Kalasi ya chemistry timaphunzirira m'holo yodzaza mpaka pakhomo, ndipo ukakhala ndi funso amakutumiza kwa wophunzira wa masters amene amathandizira aphunzitsi. Ndikadzafuna kalata yondichitira umboni, adzandilembere ndani poti palibe mphunzitsi amene akudziwa dzina langa?

Maso anga ali pa Wooster ndi Denison, konkuno ku Ohio, komwe ophunzira onse sakwana 3,000. Ku Wooster aliyense amachita kafukufuku wakewake m'chaka chomaliza, moyang'aniridwa ndi mphunzitsi mmodzi, ndipo zimenezo ndi zomwe ndikulakalaka.

Vuto ndi ndalama. Pano gawo lalikulu la fizi limalipiridwa ndi scholarship ya magiredi, lotsalalo amatumiza amayi kuchokera ku Lilongwe. Chigwereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023, sindingayerekeze kuwapempha zoonjezera. Kodi osamukira pakati amapatsidwanso scholarship yooneka?

Malume_wa_ku_Chicago:

Mwana wanga, ndikuuze mosabisa. Makoleji ambiri amasungira ndalama zazikulu ana oyamba kumene. Wobwera pakati amapatsidwa ndithu, koma kawirikawiri zimachepa, ndipo scholarship uli nayoyo singakutsate. Ukatuluka pageti, yathera pomwepo.

Usakomedwe ndi chiwerengero cha scholarship. Koleji yomwe si ya boma ikhoza kukupatsa $30,000 n'kumamveka ngati chuma chambiri, koma fizi, chipinda, chakudya ndi inshulansi ya kuchipatala zonse pamodzi zikapitirira $70,000, amayi ako ndi amene aone zakuda. Chofunika ndi ndalama yotsala yoti mulipire pachaka. Awerengere akulembere pa pepala, kenako uyiike pambali pa imene mukulipira panopa. Uwafunsenso ngati scholarship imeneyo idzapitirira mpaka umalize, komanso GPA yomwe amafuna kuti asakulande.

China, iwe uli pa visa ya ophunzira ya F-1, ndiye FAFSA, fomu yopemphera thandizo la fizi ku boma la America, si yako. Ambiri adzakuuza kuti ulembe CSS Profile, fomu yoonetsa chuma cha banja lanu, kapena fomu yawoyawo ya ophunzira akunja. Amayi ayambiretu kusonkhanitsa mapepala a ku banki.

Tadala_Mass:

Achemwali, musangoyang'ana za magiredi zokha. Makoleji ena ang'onoang'ono olemera, monga Amherst kuno ku Massachusetts, sapereka n'komwe scholarship ya magiredi. Iwo amaona zomwe banja lingathe kulipira, zotsalazo amakwaniritsa okha. Kwa ife ochokera kumudzi, njira imeneyo nthawi zina imaposa ya magiredi kutali. Koma malo a osamukira ndi ochepa kwambiri, ndiye muyese koma musadalire pamenepo pokha. Masiku otsekera ambiri amagwera mu Malichi kwa ofuna kuyamba mu Ogasiti kapena Seputembala.

Ine ndinasamuka kuchokera ku community college (koleji ya zaka ziwiri), ndipo chomwe chinandipweteka ndi makirediti, mapointi omwe umapeza ukakhoza kosi iliyonse. Digiri imafuna pafupifupi 120, koma sukulu yatsopano ndiyo imasankha omwe ivomere. Kosi yomwe munapeza pansi pa C amaitaya, ndipo yanga ina ya masamu anangoiwerenga ngati yodzazira, ndinaibwerezanso. Akakuduliranitu ambiri, mudzafunika semesita yoonjezera imene scholarship mwina sidzalipira. Sungani silabasi ya kosi iliyonse, muwatumizire aunike musanavomere malo.

NaPhiri_Ohio:

Zikomo amalume, zikomo a Tadala. Za makirediti zandiopsa, chifukwa ma lab ndiwo anditengera nthawi yambiri. Nanga visa? Ndiyenera kubwerera kumudzi kukayambiranso?

Malume_wa_ku_Chicago:

Ayi, sukufunika kubwerera. Ofesi ya ophunzira akunja ya pasukulu pako imasamutsa rekodi yako ya SEVIS, kaundula wa boma wa ophunzira akunja, kupita ku sukulu yatsopano, ndipo kumeneko amakupatsa I-20 ina, chikalata cha sukulu chomwe chimayendera limodzi ndi visa yako. Koma asanaipereke adzafuna umboni wa ndalama za chaka chathunthu, ndipo maphunziro uyenera kuyamba pasanathe miyezi 5 chichokereni pasukulu yakaleyo. Usawauze kuti atulutse rekodiyo kalata ya scholarship isanafike m'manja mwako. Ntchito ya pasukulu usaiwerengere kwambiri, lamulo limakulola maola 20 okha pa sabata sukulu ili mkati.

Pamene ukudikira, pita ku ofesi ya mphunzitsi wa chemistry uja pa nthawi yomwe amaonana ndi ophunzira, umufunse ngati mu labu mwake muli malo. Usamuke kapena ukhale, kalata yake uifunabe, poti makoleji ambiri otere amafuna umboni wa mphunzitsi. Upite sabata ino, Malichi sali kutali.