Mwana analandira katemera yense, nanga bwanji akutsegula m'mimba chonchi?

Amayi anzanga, ndithandizeni nzeru. Mwana wanga wa miyezi 11 anayamba ndi kusanza, kenako kutsegula m'mimba, madzi okhaokha opanda magazi. Kuchipatala anati ndi vayirasi, n'kundipatsa ORS ndi zinc basi. Mtima sukukhazikika. Katemera wa rota uja anamwa, ndiye vayirasiyu walowera pati? Apongozi akuti ndi mano, mnzanga akuti ndikagule maantibayotiki. Ndimvere ndani?

Mayi wa mapasa: Pepani achemwali. Maantibayotiki musagule, amapha mabakiteriya, vayirasi samukhudza n'komwe. Mwinanso angawonjezere kutsegulako.

Namwino: Mayi, zimene anakupatsanizo ndiwo mankhwala ake. Katemera wa rota amateteza kwambiri kuti matenda asafike poopsa, koma mwana akhoza kudwalabe pang'ono. Ndiponso rotavirus, vayirasi amene katemerayu amalimbana naye, sali yekha. Pali norovirus, amene amasanzitsa kwambiri, palinso adenovirus, astrovirus ndi sapovirus, ndipo katemera uja sawaletsa. Onsewa amachoka m'chimbudzi cha wodwala, n'kudutsa m'manja, pazidole ndi pamatewera mpaka mkamwa mwa mwana.

Chimene chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi. Akangochita chimbudzi, mupatseni ORS mamililita 50 mpaka 100, pang'onopang'ono ndi supuni. Akasanza, dikirani mphindi 10 muyambirenso. Bere musamuchotse, ayamwe kuposa kale. Zinc pa msinkhu wakewo ndi 20 mg patsiku kwa masiku 10 mpaka 14, ndipo mumalize ngakhale ataoneka kuti wachira, pakuti apa m'pamene ambiri amasiyira panjira. Za mano zija, mano sachititsa mwana kutsegula madzi chonchi.

Wofunsa: Zikomo anamwino. Nanga ndidziwa bwanji kuti zafika pobwerera kuchipatala?

Namwino: Maso akalowa, liwombo likatsika, akamalira popanda misozi, thewera likakhala louma maola 6, akamakana kuyamwa kapena kusanza chilichonse, akafooka n'kumangogona, kapena mukaona magazi m'chimbudzi, nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Za rotavirus zimatenga masiku 3 mpaka 8, choncho musadabwe akapitirira mawa.

Bambo wina: Ngati pali ana ena m'nyumba, sambani m'manja ndi sopo mukangosintha thewera. Sanitayiza yekha samukwanitsa norovirus.

Wofunsa: Alipo mkulu wake wa zaka 3, amadyera limodzi. Kuyambira lero aliyense kapu yake. Wodwalayu wakodza posachedwapa ndipo akuyamwa, ndikumuyang'anira.