Malume akufuna kugulitsa makina osokera a malemu agogo kuti timangire chiliza, ndithandizeni nzeru

Admin, chonde ndibiseni dzina, achibale ambiri ali pagulu lomweli.

Ndine mayi wa ku Zingwangwa. Agogo anga, mayi awo a mayi anga, anatisiya chaka chatha ndipo tinakawaika kumudzi ku Chiradzulu. Banja lagwirizana kuti chiliza chimangidwe mvula isanagwe. Msonkhamsonkha waperewera, ndiye malume aakulu alamula kuti tigulitse makina osokera a Singer a malemuwo, poti iwo akufuna chiliza cha mwala, osati cha simenti. Mtima wanga wakana. Koma iwowo ndiye mwinimbumba, ine ndine mdzukulu chabe.

Ndifotokoze kaye za agogowo kuti mundimvetse. Zaka zawo ankawerengera pa njala ya 1949. Ankati nthawi imeneyo anali atatha kale msinkhu, ndipo ankatsagana ndi mayi awo kokasuma. Ndiye kuti atisiya ali cha m'ma 90. Makinawa anabwera ndi agogo aamuna kuchokera ku Joni, komwe anapita pa Wenela, bungwe lomwe linkatenga anthu kukagwira ntchito ku migodi. Ndi opalasa ndi mapazi, akuda, ndipo maluwa agolide aja anafufutika pomwe pamadutsa nsalu. Agogo aamuna atamwalira, makinawa pakhonde ku Chilobwe ndiwo analipirira ana sukulu, kuphatikizapo malume omwewo.

Kusukulu ya utelala sanapondeko. Akaona diresi lowasangalatsa ankabwereka, n'kuliyala pa pepala la thumba la simenti, n'kuzunguliza ndi khala, basi patani yapezeka. Ankasoka mayunifolomu a ana asukulu ndi mabulauzi oyera a amayi anzawo a Mvano. Boma litaletsa zovala zazifupi mu 1973, atsikana ankabwera ndi madiresi awo ali ndi nkhawa, agogo n'kumalumikiza kumunsi mpendero wa chitenje cha ku fakitale ya nsalu ya Whitehead. Ankaulumikiza mwaluso moti ena anayamba kuufuna ngakhale pa madiresi oti ndi aatali kale. Tizidutswa totsala sankataya. Mdzukulu aliyense akabadwa ankamusokera kabulangete ka zigamba, ndipo tonse tinadutsa chiperoni titafunda manja awo. Za kukhitchini ndisayambe n'komwe. Chigumu ankachiphika mu sefuliya pa mbaula, makala ena pamwamba pa chivundikiro, ndipo ukwati wa m'dera lathu sunkachitika popanda thobwa lawo.

Pa maliro, mbiri yawo inawerengedwa motere: chaka chokwatiwa, ana, zidzukulu, mpingo, basi. Za manja awo sanatchulepo ngakhale liwu limodzi. Zinandiwawa mpaka lero. Chinanso, namondwe Freddy atagwa mu March 2023, matope analowa m'nyumba mwawo. Zithunzi zonse ndi kope lomwe ankalembamo miyeso ya anthu zinapita. Makinawa anapulumuka chifukwa anyamata anawanyamula usiku womwewo. Ndiye ndi chokhacho chomwe chatsala.

Ndingawafike bwanji malume popanda kuoneka wamwano? Komanso pa tsiku lovundukula chiliza ndikufuna mbiri iwerengedwenso bwino, ndiyambire pati?

Mayi wa ku Bangwe: Pepa mwana wanga, ndawerenga misozi ili m'maso. Nkhaniyi usaiponye pa WhatsApp ya banja, pamenepo aliyense amafuna kuoneka wopambana. Uyambe wakhala pansi ndi mayi ako. Iwo ndi malume akowo anayamwa bere limodzi, ndipo katundu wa mzimayi ngati ameneyu kwathu kuno amatsalira ana aakazi. Mupite nonse kunyumba kwawo m'mawa, mutanyamula kashuga, iwe ukakhale pansi, mayi ako ndiwo akayambe. Usakanene kuti alakwitsa. Ukanene kuti ukupempha.

Telala wa ku Ndirande: Chemwali, ine ndimasoka pakhonde, makinawa ndimawadziwa. Singer yakale ndi chitsulo chokhachokha, sifa wamba. Ikalimba imafuna kuipukuta, kuithira mafuta a makina (osati ophikira chonde), kusintha lamba ndi kuona bobini. Ngati inanyowako nthawi ya Freddy musaipalase mokakamiza, muyambe mwaitanitsa mmisiri achotse dzimbiri. Koma chomwe ndikufuna malume anu amve n'chakuti ogula makina akale amagula motchipa, amadziwa kuti wogulitsayo wapanikizika. Ndalama yake pa mtengo wa mwala wa chiliza ndi dontho chabe. Mupite kwa osema miyala mukafunse mtengo, mufunsenso matelala awiri kapena atatu kuti angagule zingati, mukawaonetse malume manambalawo. Pa makinapo palinso nambala yodindidwa pa chitsulo, mukaifufuza pa intaneti mudziwa chaka chomwe anapangidwa. Chimenecho chilowenso mu mbiri.

Bambo wa ku Chirimba: Ine ndiyankhulako mbali ya malume, poti nanenso ndine malume wa anthu. Musawaone ngati ouma mtima. Mwana wamwamuna akamafika kumudzi n'kuona manda a mayi ake akutitimira, udzu uli thoo, anthu akumuyang'ana, zimamudya mumtima. Chiliza cha mwalacho ndi kulira kwawonso. Inu mukulira ndi makina, iwo akulira ndi mwala. Ndiye mukapita musakangoti makina asagulitsidwe, mukanene kuti ndalama yotsalayo ichokera kuti. Ndipo mudzifunse moona mtima ngati pali wosoka m'banjamo. Ndaonapo makina otere akusanduka poikapo ndowa.

Mwini funso: Zikomo bambo, mwandionetsa mbali yomwe inandiphimbika. Wosoka alipo. Mwana wa mng'ono wa mayi anga ankakhala ndi agogo mpaka tsiku lomaliza, ndi amene ankawalowetsera ulusi pa singano maso atayamba kufooka. Amasoka ndithu, koma makina akeake alibe.

Bambo wa ku Chirimba: Basitu chemwali, mfundo yanu ndi imeneyo. Mukayambire pamenepo.

Mayi wa Mvano, Soche: Za mbirizo ndikuthandizeni. Pa maliro olemba mbiri amalemba mothamanga, mitu itabalalika, n'chifukwa chake zimangotuluka zaka ndi chiwerengero cha ana. Pa chiliza nthawi muli nayo. Pitani kwa atcheya a Mvano a mpingo womwe ankapemphera, mupemphe kuti akusonkhanitsireni amayi akuluakulu omwe ankayenda nawo. Mukatenge foni muwajambule mawu, koma muyambe mwapempha. Musakafunse kuti anali munthu wotani, onse adzangoti anali wabwino. Mukafunse kuti anakusokerani chiyani, munavala pa mwambo wanji, ngongole ankalonjerera bwanji. Mudzamva zinthu zomwe ngakhale mayi anu sazidziwa. Mukalemba, muwadziwitsiretu abusa kapena akulu a mpingo omwe adzayendetse mwambowo kuti akuikireni mpata pa pulogalamu. Isatalike kwambiri, anthu amakhala ali padzuwa.

Mnyamata wa ku Machinjiri: Anganga anga anali chimodzimodzi, koma awo anali oluka zipewa ndi majuzi a makanda. Ife pa chiliza tinauza aliyense kuti abwere ndi chomwe anamulukira. Tinaziyala pa mphasa pansi pa mtengo, anthu n'kumaloza kuti ichi anavala uje ali wakhanda. Nanunso itanitsani timabulangete ta zigamba tija, ngakhale tong'ambika. Mudzatijambule, poti zithunzi zina zija zinapita ndi madzi.

Mayi wa ku Limbe: Musachite manyazi ndi chiliza cha simenti kapena cha matailosi, chikamangidwa ndi mmisiri wodziwa chimakhala zaka. Mukhozanso kumanga thupi lonse la simenti, mwala n'kugula waung'ono wa kumutu wokha wolembapo dzina. Ndipo musaiwale kudziwitsa amfumu nthawi ilipo, kumanda sangololeza kulowa chilowelowe. Pa chakudya cha tsikulo ndi pomwe ndalama zimathera kwambiri, muonepo bwino pamenepo musanakhudze makina.

Mwini funso: Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Ndayankhula ndi mayi anga usiku wapitawu, analira, ndipo avomera kuti Loweruka tipite limodzi kwa malume. Mawa ndikafunsa mitengo ya mwala wa kumutu wokha monga mwanenera mayi a ku Limbe. Zidzukulu zinzanga zomwe zili ku Lilongwe ndi ku Joni zalonjeza kuonjezerapo kangachepe zikamva mtengo weniweni. Achimwene a ku Ndirande, lamba wa makinawo anaduka ndipo gudumu likulimba potembenuza. Kodi mmisiri wake angabwere kunyumba ku Chilobwe, kapena tiyenera kumasula mutu wa makina n'kupita nawo kumsika?