Zowonjezera pa funso la ILS yosalunjika pa bwalo la ndege logula

Munafunsa kuti bwanji ndege ikamatsata ILS (zizindikiro za wailesi zotsogolera ndege potera) pa bwalo logula (lomwe mumagula padera n'kuonjezera mu pulogalamu) mu Microsoft Flight Simulator, pulogalamu ya pa kompyuta yoyeserera kuyendetsa ndege, imakatera m'mbali mwa runway (msewu womwe ndege zimaterapo). Tinanena kuti mwina wopanga bwaloyo analakwitsa, koma nthawi zina vuto limakhala mafayilo awiri a bwalo limodzi omwe akulimbana. Tsegulani foda ya Community (momwe mumaikamo zowonjezera za pulogalamuyi), chotsani bwalo laulere la code ya ICAO (zilembo zinayi zozindikiritsa bwalo la ndege) yomweyo ngati lilimo, kenako yambitsaninso pulogalamu.

Zikapitirira, onani deta yoyendetsera ndege. Detayi imasintha masiku 28 aliwonse pa ndondomeko yotchedwa AIRAC, pomwe bwalo logula limakhala ndi manambala a nthawi yomwe linapangidwa. Kumpoto kwa maginito kumasuntha, ndiye nambala ya runway, yomwe imatengera mbali ya kampasi yomwe runway yaloza, imasinthanso: ku London Stansted, 05/23 inasanduka 04/22 mu 2009. Utoto wapansi ukasemphana ndi tchati chatsopano, bwalolo ndi lakale.

Yesani motere musanadandaule kwa wogulitsa: tsatani glideslope (njira yotsikira ya ILS) ya madigiri 3, muyang'ane magetsi a PAPI (magetsi anayi a m'mbali mwa runway osonyeza ngati mwakwera kapena mwatsika kwambiri). Ayenera kuoneka awiri oyera, awiri ofiira. Mukaona anayi ofiira singano ya glideslope ili pakati, mwina magetsiwo anaikidwa pamalo olakwika, ngakhale nyumba za bwalolo zikongole bwanji.